Galimoto yabanja ya injini yaikulu: kodi ili ndi msika?

Achimwene, mwafunsa ngati muli phindu m'kuoda magalimoto akuluakulu abanja, aja a mipando 7 kapena 8, koma a mtundu wothamanga, komanso mmene imayendera kuchokera ku Japan mpaka kudutsa pachipata. Msika ulipo koma ngwochepa. Galimoto yotere muziitanitsa pokhapokha wogula atapezeka kale n'kupereka dipoziti. Mukaiika payadi kudikira odutsa, mpamba wanu umangika kwa miyezi.

Yambani n'kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ogulitsa amaziphatikiza dala. Pali galimoto yokhala ndi mphamvu zenizeni mu injini, ndiye pali ina yongokongoletsedwa kuti izioneka yampikisano. Toyota Noah ndi Voxy za G's, dzina lomwe mu 2017 linasanduka GR Sport, zili ndi injini ya malita 2.0 yomweyo ya Noah wamba. Chomwe anasintha ndi mabampala, marimu, masipuling'i, mashoko ndi zitsulo zolimbitsa bodi kunsi. Pokhota imagwira msewu bwino, koma pachitunda mutadzaza anthu siisiyana ndi inzake. Zamphamvu zenizeni ndi monga Toyota Alphard ndi Vellfire za V6 (injini ya masilinda 6), Nissan Elgrand ya 3.5, Mazda MPV 23T ya turbo yopereka 245 PS (PS ndi muyeso wa mphamvu za injini), Subaru Exiga 2.0GT ya 225 PS, ndi Honda Odyssey Absolute. Musakhulupirire chizindikiro chomatidwa kumbuyo, werengani nambala ya chasisi. Pa Alphard ndi Vellfire zoyambira 2008, ANH20 ndi ya masilinda 4, injini ya 2.4 yopereka 170 PS, pomwe GGH20 ndi ya V6 ya 3.5, ija ya 2GR-FE, yopereka 280 PS. Pa zoyambira 2015 muona AGH30 ndi GGH30, ndipo G woyambayo ndiye akukuuzani kuti ndi V6.

Opanga okha akhala akuuyesa msika umenewu n'kubwerera. Mercedes-Benz inatulutsa R63 AMG mu 2006, galimoto yabanja ya V8 ya 6.2 yopereka 510 PS, ndipo inasiya kuipanga pasanapite nthawi chifukwa ogula anali ochepa. Opel inali ndi Zafira OPC, koma nayo inatha. Mu 2023 Toyota inachotsa V6 pa Alphard ndi Vellfire zatsopano. Vellfire inapatsidwa injini ya 2.4 ya turbo, ndipo mphamvu zina zapita ku hybrid, injini ya petulo yothandizana ndi magetsi. Kwa ife a malonda izi zikutanthauza kuti ma Alphard ndi Vellfire a V6 m'maokushoni azingokalamba osabwera atsopano, ndipo mayiko oletsa galimoto zakale, monga Kenya yomwe silola yopitirira zaka 8, atseka khomo kwa ambiri a iwo chaka ndi chaka.

Kagulidwe kake n'kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse, kungoti cholakwika chilichonse chimadula kwambiri. Ku okushoni ngati USS simulowa nokha, mumadzera kwa kampani yotumiza kunja yomwe ndi membala. Muuzeni akutumizireni pepala la okushoni lenileni, osati zithunzi zokha. Giredi 4 kapena 4.5 ndiye yabwino, 3.5 muiyang'anitsitse, ndipo R kapena RA ndi yomwe inachita ngozi n'kukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto papepalapo, A ndi kukalika, U ndi kuphwanyika kolowa mkati, W ndi malo openta kachiwiri, XX ndi gawo losinthidwa. Galimoto zothamanga zokhala ndi XX kutsogolo zimachuluka, chifukwa cha ngozi za liwiro. Makilomita muwayerekeze ndi olembedwa pa satifiketi yotumizira kunja, chifukwa pamenepo pamakhala omwe anawerengedwa pa kuyezedwa kwa boma ku Japan. Ngati sakugwirizana ndi a pa dashibodi, isiyeni.

Mtengo wa FOB ndi wa galimoto itafika m'sitima ku Japan, wa CIF ukuphatikiza mayendedwe apanyanja ndi inshulansi. Sitima za RoRo, zomwe galimoto imalowamo ndi kutulukamo poiyendetsa, zimalipiritsa potengera malo amene galimoto yatenga. Alphard imadya pafupifupi ma kiyubiki mita 17, pomwe Vitz ili cha m'ma 10, choncho kusiyana kumayambira pomwepa. Ngati dziko lomwe ikupita limafuna kuyezedwa isanakwere sitima, zichitikire ku Japan komweko, apo ayi pali chindapusa ikafika. Mapepala enieni, bill of lading (chikalata cha katundu wa m'sitima), invoisi ndi satifiketi ija, abwere pa ndege pamodzi ndi kiyi wachiwiri ndi kakhadi ka wailesi. Tinthu timeneti tikasiyidwa m'galimoto timasowa m'njira. Afike kwa ejenti wanu ku doko, kaya Dar es Salaam kaya Durban, sitima isanakocheze, chifukwa masiku aulere akatha lendi ya padoko imawerengedwa tsiku ndi tsiku. Ejentiyo ndiye amatsegula bondi yoti galimoto ingodutsa m'dzikomo, ndipo bondi imatsekedwa galimoto ikatuluka pachipata chomwe chinalembedwa, m'masiku omwe anapatsidwa.

Pamsonkho m'pamene ambiri amagwa. M'mayiko ambiri a chigawo chino, msonkho amawerengera pa mtengo wa CIF, kenako pamabwera wina woyendera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye VAT amaiika pamwamba pa zonsezo. Kukula kwa injini kumayezedwa mu cc: ya 2.4 ndi 2,362 cc, ya V6 ndi 3,456 cc. Galimoto ziwiri zofanana bodi, chaka ndi mipando zitha kugwera m'magulu osiyana, ndipo poti msonkho wina umakwera pamwamba pa unzake, kusiyanako kumakula. Ku okushoni V6 nthawi zina imatsika mtengo kuposa ya 2.4, poti ku Japan nako msonkho wapachaka umayendera cc, ndipo ongoyamba kumene amaona ngati atola. Akasitomu, aja otolera msonkho pachipata, sakakamizidwa kuvomera invoisi yanu. Akaona kuti mtengo wachepa amaika wawo. Musanapikisane, pemphani ejenti wapachipata akuwerengereni molemba, mutamupatsa chaka, cc ndi nambala ya chasisi.

Ulendo wochoka padoko nawo umafuna maso. Galimoto yakhala milungu ingapo osaliza, ndiye isinthidwe oyilo ndi fyuluta, ayang'ane madzi, mabuleki ndi zaka za matayala isananyamuke. Mlomo wapansi pa bampala aumasule auike mkati. Alphard ya G's inatsitsidwa ndi mamilimita pafupifupi 30 ndipo imavala 245/40R19, tayala lopyapyala lomwe dzenje limodzi limalitupitsa m'mbali n'kupinda rimu, pomwe yawamba imayenda pa 215/65R16. Dalaivala wolembedwa ganyu akamva V6 phazi limalemera, choncho ngati ndalama zilola ikwezeni pa lole yonyamula magalimoto.

Wogula mumuuze zoona za kasamalidwe. Alphard ya 3.5 ndi Odyssey Absolute ya 2003 mpaka 2013 anazipangira petulo wa okiteni yokwera. Mukathira wotsika, kompyuta imabweza moto kuti injini isagogode, ndiye mphamvu yomwe munalipirira imatsika koma mafuta ikumwabe. Za turbo sizipirira zimenezi ngati V6. Pa 2GR-FE zakale pali paipi ya oyilo wa VVT-i (makina osintha nthawi yotsegukira mavavu) yokhala ndi gawo la labala lomwe limaphulika n'kukhuthula oyilo m'mphindi zochepa. Onani ngati anaikapo yachitsulo yokhayokha, ngati ayi isintheni isanaperekedwe. Pampu yamadzi imakonda kudontha, oyilo imalowa malita 6, ndipo mapulagi atatu akumbuyo safikika osachotsa manifodi, choncho amakaniko ena amangosintha akutsogolo n'kukhala chete. Elgrand E51 ili ndi vuto lodziwika la makatalisiti akutsogolo omwe amanyenyeka, zidutswa n'kutseka akumbuyo, injini n'kuwonongeka. Elgrand E52, yoyambira 2010, ili ndi CVT (giyabokosi yopanda magiya owerengeka) ngakhale pa 3.5, ndipo giyabokosi imeneyi imadana ndi kutentha komanso oyilo wolakwika. Oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki (ATF) amaipha. Onjezani kulemera kwa matani awiri, komwe kumadya mapadi ndi madisiki akutsogolo msanga.

Mwa zonsezi, yomwe ndingalimbikitse ndi Alphard kapena Vellfire ya injini ya 2GR, chifukwa injini yomweyo ili mu Estima 3.5, Harrier, Kluger ndi Lexus RX350, ndiye masipeya ndi amakaniko oidziwa sasowa. Ilinso ndi giyabokosi wamba ya magiya 6, kapena 8 kuyambira 2018, osati CVT. MPV ya turbo ndi Exiga GT n'zokoma kuyendetsa, koma turbo ikafa mwini wake amadikira sitima.

Nanga amagula ndani? Wabanja funso lake loyamba ndi la mafuta, ndipo akamva 3.5 amabwerera m'mbuyo. Wofuna liwiro amapita ku sedani kapena SUV. Otsala ndi makampani onyamula alendo olemekezeka, ndi anthu oyenda mitunda italiitali m'mapiri galimoto itadzaza, omwe atopa ndi 2.4 yolira pachitunda. Amenewa amadziwa chomwe akufuna ndipo amalipira, koma amasankha okha mtundu, mipando ndi chaka. Nchifukwa chake mgwirizano ulembedwe musanapikisane ku okushoni: dipoziti ikwane FOB ndi mayendedwe apanyanja, pakhale malire a mtengo womwe mungafike, ndipo palembedwe kuti dola kapena yeni ikakwera, kapena akasitomu akakweza mtengo wowerengera msonkho, wolipira kusiyanako ndi wogula.