Kulemba m'memore ya sikirini kapena kudalira ncurses?

Wowerenga wina amene akuphunzira C, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, wanditumizira imelo. Akuti: "Ndapeza pulogalamu yakale ya DOS yomwe imalemba zilembo mwachindunji pa adiresi 0xB8000, ndipo liwiro lake n'lodabwitsa. Ndayesa zomwezo pa Linux, pulogalamu ikungofa ndi segmentation fault. Anzanga akuti ndigwiritse ntchito ncurses. Kodi kumeneko si kudzichedwetsa dala?" ncurses akunenayo ndi gulu la mafankishoni okonzedwa kale, othandiza pulogalamu kulemba zilembo pa sikirini.

Zikomo pofunsa, ndipo musaitenge pulogalamu yakaleyo ngati yolakwika. Pa IBM PC ya 1981, khadi la CGA linkasunga zonse zooneka pa sikirini m'memore yoyambira pa 0xB8000, pomwe la MDA, losaonetsa mitundu, linkayambira pa 0xB0000. Mizere 25, mzere uliwonse malo 80, malo alionse mabayiti awiri: loyamba chilembo, lachiwiri mtundu wake. Zonse pamodzi mabayiti 4000 basi. Ukaika bayiti pamenepo, chilembo chatulukira pompo. Kudzera mu BIOS (pulogalamu yoyambira imene imabwera ndi kompyuta) ndi lamulo lake la INT 10h kunali kochedwa kwambiri moti mapulogalamu ambiri ogulitsidwa ankangoilambalala. Komabe panali kachilema: CGA yeniyeni inkatulutsa timadontho tothwanima ukalemba nthawi yolakwika, ndiye anthu ankayamba afunsa doko 0x3DA ngati mpata wapezeka.

Nanga n'chifukwa chiyani yanu ikufa? DOS inkakusiyani mugwire paliponse m'memore. Linux imapatsa pulogalamu iliyonse maadiresi akeake, ndipo 0xB8000 yanuyo siloza kukhadi kulikonse; mukalembapo, Linux imaimitsa pulogalamuyo, ndiye segmentation fault ija. Ngakhale akanakulolani, taganizani mwalowa pa kompyuta ina kudzera pa SSH, njira yolowera pa kompyuta ya kutali: memore imene mukulembamo ili kutali, sikirini yanu ili pano. Chimene chimadutsa pakati ndi mndandanda wa mabayiti okha.

Vuto limeneli anthu a Unix anakumana nalo kalekale. Ma terminal, zida za sikirini ndi kiyibodi zolumikizidwa ku kompyuta yaikulu, anali ambirimbiri, VT100 ya DEC ya 1978 ndi ena, aliyense ndi malamulo ake osunthira cursor kapena kufufuta sikirini. Bill Joy, pa yunivesite ya ku Berkeley, analemba termcap kuti vi, pulogalamu yake yolembera mawu, izidziwa malamulo a terminal iliyonse, kenako Ken Arnold, ku Berkeley komweko, anapanga curses, mafankishoni olembera pa sikirini ya terminal iliyonse. ncurses ndi mdzukulu wake, ndipo imawerenga terminfo, nkhokwe ya malamulo a ma terminal, potengera dzina la terminal lomwe lili mu TERM.

Za kuchedwazo, apa ndi pamene ambiri saona. ncurses imasunga zithunzi ziwiri za sikirini m'memore: chomwe mukufuna, ndi chomwe chilipo kale. Mukaitana mvaddch kapena mvprintw, palibe chotumizidwa. Mukungolemba m'memore, monga ankachitira a DOS aja. Mukaitana refresh, imayerekeza ziwirizo n'kutumiza zosintha zokha. Njira imeneyi anaipangira mawaya ochedwa a nthawi imeneyo, ndiye pa makina a lero simudzamva kulemera kwake. Ndikaona pulogalamu ya ncurses ikuphethira, kawirikawiri mwiniwake amakhala akuitana refresh pa chilembo chilichonse, kapena clear nthawi zonse m'malo mwa erase.

Ine ndikanakhala inu, ndikanasunga maganizo a pulogalamu yakaleyo, koma malo onse olemba pa 0xB8000 n'kuwasonkhanitsa m'fankishoni imodzi yoika chilembo pa mzere wakuti, malo akuti. Mkati mwake muike ncurses; pa Windows, PDCurses imalandira pafupifupi malamulo omwewo. Musaiwale endwin potuluka, apo ayi terminal itsala yosokonekera.

Ngati chomwe chikukukokani ndi kugwira memoreyo ndi manja anu, thamangitsani pulogalamu yakaleyo mu DOSBox, imene imatsanzira kompyuta ya DOS, kapena lembani ka kernel kanu (mtima wa dongosolo loyendetsa kompyuta) n'kukayatsa mu QEMU, pulogalamu yotsanzira kompyuta yonse. Kumeneko 0xB8000 ikadayankhabe.