Mayina osiyana, thumba limodzi

Achimwene, mwafunsa kuti geni yodutsa malire imayenda bwanji, komanso chifukwa chimene onyamula katundu amatchulira mtengo wofanana. Za mapepala a pachipata sindikamba, mukaziphunzira pamzere. Langa ndi limodzi: musanatulutse ndalama, fufuzani kuti mwini kampaniyo ndani.

Ine mpamba wanga unatsala pang'ono kuthera pomwepo. Mtengo ndinali nditapangana kale ndi wogula, katundu ali m'njira, wonyamula uja n'kungokweza ndalama ya mafuta. Kuthamangira kwa wina, nayenso wakweza, tsiku lomwelo, ndalama yomweyo. Maofesi osiyana, malole a penti yosiyana, koma pansi penipeni pa malisiti awo, m'timalemba tija tofuna magalasi, munali dzina la kampani imodzi. Katundu anagona pa yadi, ndalama yosungira ikukwera kukacha. Ndinagulitsa galimoto kuti ndimuombole. Koma wogula anaulandira pa mtengo umene tinapangana, ndipo mpaka lero safuna wina koma ine.

Kwa oona za mpikisano pa malonda ndinapitako. Bwana wake, maso ali pa foni, akuti kampani singapangane mitengo ndi mwana wake, kutanthauza kampani ina imene ndi yakeyake, poti ndi munthu mmodzi. Chowawa n'chakuti si maganizo ake okha, khoti lalikulu la ku America linagamula chimodzimodzi mu 1984 pa mlandu wa Copperweld. Ndiye ukagula mnzako wopikisana naye n'kumusiyira dzina lake lakale, zatha basi.

Nanga amene si pachibale? Opanga malole ku Ulaya anapangana mitengo zaka 14 kuyambira 1997. Poyamba ankakumana mabwana akuluakulu, koma kuyambira 2004 nkhaniyo anaitsitsira ku nthambi zawo za ku Germany. Kumenekotu kuloza mwana sikukupulumutsa: chigamulo cha khoti la ku Ulaya cha 2009 pa mlandu wa Akzo Nobel chimati ngati nthambi ndi yako yonse, amayamba n'kukutenga kuti ndiwe ukuiyendetsa. Mu 2016 European Commission, imene imaona za mpikisano ku Ulaya, inalipiritsa Daimler, DAF, Iveco ndi Volvo/Renault ma euro 2.93 biliyoni. Kampani ina ya malole, MAN, inadya nawo, koma sinalipire kalikonse poti ndi imene inaulula.

Zaka 14, achimwene, ogula malole akungolipira. Ine sitampu imodzi ikasowa papepala amanditsitsira katundu yense pansi lisanalowe dzuwa.