"Mulingo wa moyo" kapena "kapezedwe"? Funso lochokera ku Mchinji

Funso: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa Folomu 4 kuno ku Mchinji. Atipatsa chimangirizo choyerekeza mmene anthu a ku Malawi ndi a ku Zambia akukhalira. Pa wailesi ndimamva ena akuti "mulingo wa moyo", ena "umoyo wa anthu". Mawu olondola ndi ati? Nanga ndingalembe kuti "Zambia ndi yolemera kuposa Malawi"?

Yankho: Mwana wanga, wandikanda poyabwa. "Mulingo wa moyo" usalembe. Mulingo ndi wa feteleza, wa mankhwala a mwana, wa chimanga cha m'ndowa. Moyo sauika pa sikelo. Mawu amenewa anabadwira mu ofesi, patebulo la munthu womasulira lipoti la Chingerezi nthawi yoweruka itayandikira, ndipo owulutsa mawu anangowatola osawanunkhiza. "Umoyo" nawo anatilanda a Unduna wa Zaumoyo. Ukalemba "umoyo wa anthu a ku Zambia", wowerenga adikira nkhani ya malungo ndi katemera. "Kakhalidwe" ndiye koopsa, chifukwa ena amva ngati ukuweruza ulemu wa anansi athu.

Mawu ake alipo kale, ndi "kapezedwe". Ima pamsika wa Kamwendo tsiku lililonse, umva mayi akudandaula kuti kapezedwe masiku ano nkovuta. Tsinde lake ndi "peza", ndipo tawamanga monga timangira kavalidwe, kaphikidwe, kalankhulidwe. Ndimawakonda chifukwa sanama: chinthu umachipeza utachifunafuna, ndipo amene wapeza mu Meyi akhoza kusapeza mu Febuluwale nkhokwe itapepuka. Nchifukwa chake timati "opeza bwino", "opezako", "osowa". Agogo anga ankapatula kusowa mitundumitundu. Munthu wa nkhokwe yodzaza koma wovala sanza ankati ali ndi usiwa, osati njala. Mphawi kwa iwo anali wopanda abale, ngakhale akhale ndi mbuzi khola lonse, ndipo ine sindikayika kuti tanthauzo loyamba la mawuwa linali lomwelo. Lero zonsezi tazipanikiza m'thumba limodzi lolembedwa "umphawi".

Tibwere ku chiganizo chako. Galamala yake ilibe mlandu waukulu, ngakhale ine ndikadakonda "dziko la Zambia ndi lolemera", kuti tisakangane ngati Zambia ndi "yo-" kapena "wo-". Pa pepala ndi zoonanso. Iwo ali ndi mkuwa wa ku Copperbelt ndi Solwezi, ife tikudalirabe fodya. Dziko lawo limakula kuposa lathu kasanu ndi kamodzi, pomwe chiwerengero cha anthu sichitalikirana: kalembera wathu wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, wawo wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Koma kulemera kwa dziko ndi kapezedwe ka munthu ndi nkhani ziwiri. Mlimi wa ku Vubwi mkuwawo amangowumva pa wailesi, khasu lake ndi lofanana ndi la msuweni wake wa kwa Mkanda.

Apa mpamene ndikupatse kachida kamene achinyamata mukukataya: "-ko". Tamvera kusiyana kwa "ku Zambia kuli bwino" ndi "ku Zambia kuli bwinoko". Kachida kamodzi kameneka kayerekeza, kachepetsa, ndipo kasiya khomo lotsekula kuti mawa zinthu zikhoza kutembenuka. Inu mumati "kuli bho", mawu osadziwa kuchepetsa kanthu. Amalume anga atabwera kuchokera ku Kitwe ndi njinga ndi wailesi, anthu atawaunjirira kufunsa za kumeneko, anangoti, "Kumapezekako." Palibe anafunsanso.

Ndipo zinthu zinatembenukadi. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, masitolo a ku Zambia anayamba kuyera. Ndikukumbuka azimayi a ku Chipata akudutsa njira zachidule kudzagula shuga ndi sopo kuno kwathu. Mu 1986 ndi mu 1990 kwawoko kunabuka zipolowe chifukwa cha mtengo wa ufa. Lero ndi ife tikuima pa malire a Mwami kusakasaka kwacha yawo. Komabe nawo mu 2020 analephera kubweza ngongole zakunja, ndipo mu 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba anthu a ku Lusaka ankatha pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Chiganizo cha "kuposa" sichingasenze zonsezi. "Bwinoko" amasenza.

Uchenjere ndi msampha wa dzina la ndalama. Zonse ndi kwacha, yawo ya 1968, yathu ya 1971, zonse zochokera ku mfuu ya ufulu yakuti kunja kwacha. Ife tinaikapo tambala wolira mbandakucha, iwo ngwee, kuwala kwa kunja kukayera. Ndakatulo yokhayokha, ndipo ndimadabwa kuti ana amawerenga matambala osaimva. Koma mu 2013 a ku Zambia anadula maziro atatu pa ndalama yawo, pomwe yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsono ukamva kuti buledi ku Chipata ndi makwacha ochepa chabe, usathamangire kulemba kuti ngwotchipa. Funsa kuti waganyu amalima mizere ingati kuti amugule, tsidya lino ndi tsidya ilo. Pamutu pa chimangirizo chako ulembe "Kapezedwe ka anthu a ku Malawi ndi a ku Zambia", ndipo aphunzitsi ako akadula mzere wofiira pansi pake, uwauze andilembere.