Kodi Timuuze Kuti Asiye Kubwera ku Tchalitchi?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mkulu wa mpingo. Mnyamata wina wa m'kwaya yathu anaululira mnzake kuti mtima wake umakopeka ndi amuna anzake, ndipo nkhaniyi yafalikira mpingo wonse. Akulu anzanga ena akuti timuuze asiye kubwera ku mapemphero kufikira atasintha, poti akudetsa nyumba ya Mulungu. Mtima wanga sukuvomereza, komabe sindifuna kuoneka ngati ndikulekerera tchimo. Ndikanene chiyani pa msonkhano wa akulu?
Mkulu wa mpingo wothedwa nzeru

YANKHO: Bambo, akulu anzanuwo aphatikiza mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti kodi kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi tchimo. Lachiwiri ndi lakuti kodi khomo la tchalitchi limatsegulidwira ndani.

Pa funso loyamba Akhristu sagwirizana. Mipingo yambiri imaphunzitsa kuti mchitidwewu ndi tchimo, potsamira pa Levitiko 18:22, Aroma 1:26-27 ndi 1 Akorinto 6:9-10. Ina, makamaka ya ku Ulaya ndi ku Amereka, imamasulira mavesiwa mwa njira ina, ponena kuti Paulo ankadzudzula chiwerewere ndi nkhanza za m'nthawi yake, osati anthu awiri okhulupirika kwa wina ndi mnzake. Mpingo wa United Methodist, mwachitsanzo, mu 2024 unachotsa lamulo la mu 1984 loletsa anthu otere kukhala abusa. Mkanganowu ndi waukulu ndithu, moti Papa Francis atavomereza mu Disembala 2023 kuti ansembe angathe kudalitsa anthu okhala m'maubwenzi otere, popanda kuwamangitsa ukwati, mabishopu ambiri a Katolika a mu Afirika anayankha mu Januwale 2024 kuti iwo sadzapereka madalitso amenewo.

Chimene akulu anzanu ayenera kumva n'chakuti ngakhale mipingo ina ikuluikulu yoima nji pa chiphunzitso chakale siphunzitsa kuti munthu wotere athamangitsidwe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992, amatsutsa mchitidwewu pa ndime 2357, koma ndime yotsatira imalamula kuti anthuwa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndiponso kuti asasalidwe mopanda chilungamo. Mabishopu a Anglican pa msonkhano wa Lambeth mu 1998 ananena kuti mchitidwewu sugwirizana ndi Malemba, koma m'chigamulo chomwecho anatsimikiza kuti aliyense wobatizidwa ndi wokhulupirika, kaya mtima wake umakopeka ndi ndani, ndi chiwalo chathunthu cha Thupi la Khristu. Onani kuti ziphunzitso zimenezi zimasiyanitsa chilakolako ndi zochita. Malinga ndi kalata yanu, mnyamatayo waulula za mumtima mwake basi, ndipo palibe amene wanena kuti wachita kanthu.

Tsono tsegulani 1 Akorinto 6 pamaso pa akuluwo ndipo muwerenge mndandanda wonsewo mosadumpha. Mudzapezamo achigololo, akuba, osirira za eni, zidakwa, olalata ndi olanda. Ngati lamulo likhala lakuti wolimbana ndi chimodzi cha izi ayambe wasintha asanalowe m'tchalitchi, mipando yambiri idzakhala yopanda anthu Lamulungu likudzali, ndipo ndikukayika ngati mpando wa akulu udzatsale wodzaza. Tchimo limene sitiyesedwa nalo ife eni ndi limene timalidzudzula mokweza mawu.

Kodi nanga timapitiranji ku tchalitchi? Ahebri 10:24-25 amati tisaleke kusonkhana, ndipo chifukwa chimene akupereka ndi chakuti tilimbikitsane pa chikondi ndi ntchito zabwino. Pa Marko 2:17 Yesu anayankha omudzudzula chifukwa chodya ndi okhometsa msonkho kuti ofuna sing'anga ndi odwala, osati olimba. Ngati akuluwo akukhulupirira kuti mnyamatayo akufunika kusintha, n'zosamveka kumuchotsa pamalo pamene Mawu amalalikidwa, kenaka n'kumayembekezera kuti asinthira kwina.

Wina adzakukumbutsani za 1 Akorinto 5, pamene Paulo analamula kuti munthu amene ankakhala ndi mkazi wa bambo ake achotsedwe. Musazembe mutuwo, chifukwa mwambo wa mpingo ndi wa m'Malemba. Koma uyo anali kuchita tchimo loonekera poyera, mpingo n'kumanyada osamva chisoni, pamene Mateyu 18:15-17 amaika kukambirana kwa awiri m'seri patsogolo pa china chilichonse. Za kuimba m'kwaya kapena kudya Mgonero wa Ambuye, mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake, ndipo agwiritsidwe ntchito mofanana kwa aliyense.

Pemphani kuti nkhaniyi isalengezedwe pa guwa, ndiponso kuti abusa kapena mkulu mmodzi wosunga chinsinsi akacheze naye, kumumvetsera asanayambe kumulangiza, popeza wachinyamata amene wasanduka nkhani m'kamwa mwa anthu angathe kutaya mtima mpaka kudzipweteka. Pa msonkhano womwewo mufunsenso kuti ndani akayankhule ndi mnzake uja amene anauzidwa chinsinsi n'kuchimwaza.