Mnyamata wanu asasiye, catcher wachiwiri ndi ntchito ndithu

Mayi, mwafunsa ngati mnyamata wanu asiye masewera a baseball chifukwa choti ndi catcher (wowakha mpira kumbuyo kwa womenya) wachiwiri ndipo magemu ambiri amathera pa benchi. Asasiye. Timu iliyonse ya MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, imasunga ma catcher osachepera awiri, poti palibe angathe kunyonyomala kuseri kwa home plate (pamene womenya mpira amaima) magemu onse 162 a pachaka mawondo osatha.

Taonani David Ross. Pa zaka 15 zimene anasewera, 2002 mpaka 2016, zambiri anali wachiwiri. Koma woponya mpira Jon Lester ankafuna Ross ndiye azimuwakhira mpira. Ross anatenga World Series, chikho chachikulu cha MLB, ndi timu ya Boston mu 2013, kenako ndi timu ya Cubs mu 2016, atamenya home run (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo n'kupeza chigoli) pa gemu yomaliza ali ndi zaka 39. Pambuyo pake anakhala manejala wa Cubs.

Mphwanga ankasewera malo omwewa ku koleji. Madzulo ndinkamupeza ayezi ali m'mawondo, kope lili pamiyendo, akulemba mipira imene womenya aliyense amaphonya. Kochi ankamudalira chifukwa cha kopelo.

Koma mpira ukamumenya mnyamata wanuyo pa chigoba chakumaso n'kuyamba chizungulire kapena mutu, akaonane ndi dokotala tsiku lomwelo, musamulole kulimba mtima. Ross yemweyo anakhala panja miyezi iwiri mu 2013 chifukwa chovulala m'mutu chonchi. Kontilakiti ikabwera, mnyamata wanuyo asasaine asanaonane ndi agent (woimira osewera pa makontilakiti) wovomerezeka.