Burashi ya penti ikhale kaye pansi

Funso: Zikomo a Malume. Ndimagwira ya m'gadeni ku Randburg. Abwana anga posamuka andisiyira katoni ya tigalimoto tachitsulo 14, tambiri topanda denga. Tina tili m'timabokosi take, tina penti inasupuka. Mayi a kunyumba akuti tipatse transipota akatule kwa ana ku Ntcheu. Ine mtima ukukana, usiku uliwonse ndimangotiyang'ana. Ndikufuna nditipente tiwale, kenako ndizigula tina. Kodi ndayamba misala? *Bambo wa ku Turffontein*

Yankho: Achimwene, ngati ili misala ndiye kuchipatala tikagonera limodzi, chifukwa ine ndili nato 60 pashelefu. Ndinakulira ku Ndirande ndikupinda mawaya, mateyala a zitsekerero za Fanta, chiwongolero chofika m'chiuno. Matendawa anayambira komweko.

Koma burashi ya penti ija muiike pansi. Ndikunena mwamphamvu chifukwa ndinalumwapo chala. Kagalimoto kanga koyamba ka MG ndinakapaka penti yofiira ya pageti, kakuwala ngati tomato. Nditapita nako kwa mkulu wina wogula zakale, anakatembenuza kamodzi n'kundibwezera osanena mtengo. Osonkhanitsa amafuna penti ya kufakitale, ngakhale yokalikakalika. Timabokosi tija tisaone moto wa mbaula, pakuti kagalimoto kokhala ndi bokosi lake kamaposa mtengo kamnzake kamaliseche.

Chochita lero n'chakuti mutembenuze kalikonse muwerenge kumimba kwake. Pakalembedwa Dinky Toys, n'ta kampani ya Meccano ya ku Liverpool, imene inayamba kutipanga m'ma 1930. Mayina ena a tigalimoto takale ndi Corgi, imene inayamba 1956 ku Wales, ndi Matchbox ya 1953. Ndiye tcherani khutu apa: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ma Dinky ena ankabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ndi kupentedwa konkuno ku South Africa. Mabokosi ake ali ndi mawu a Chiafrikaans, ndipo mitundu ya penti imasiyana ndi ya ku England. Ndi osowa, amafunidwa mpaka kunja. Katoni yochokera m'nyumba yakale ya ku Joni ndi malo enieni opezamo zoterezi. Mukaona Chiafrikaans pabokosi, musathamangire munthu woyamba kukuonetsani ma randi.

Pakalembedwa Bburago kapena Maisto, ndi tatsopanoko, topangidwa tambirimbiri. Ndi tokongola, koma musawerengere malata a nyumba pamenepo.

Manambala ngati 1:18 kapena 1:43 akunena kuchepa kwake. Jaguar E-Type yeniyeni, imene inaonetsedwa koyamba ku Geneva mu 1961, ndi yotalika pafupifupi mamita anayi ndi theka. Pa 1:18 imatsala masentimita 25, zitseko ndi boneti zotseguka. Pa 1:43 ndi masentimita 10 basi. Kwa ife a chipinda chimodzi cha lendi, amene tsiku lina tidzakwera basi ku Park Station n'kudutsa Beitbridge ndi Tete, ine ndimati 1:43. Khumi timakwana m'bokosi la nsapato.

Pogula musamangotola chilichonse chonyezimira. Ine ndinasankha zopanda denga zokha, chifukwa umaona zonse: mipando, giya, chiwongolero. Mercedes-Benz 300 SL Roadster ya 1957, MGB imene inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, Porsche 356 Speedster ya 1954. Kukoma kwake n'komweko, vuto lake n'komwekonso. Galasi lakutsogolo limaima palokha popanda denga loligwira, ndiye limathyoka msanga. Musanalipire, yang'anani pamenepo ndi chiwongolero. Mukaona chitsulo chili ndi timing'alu kapena chatupa ngati chikanga, kasiyeni. Ndi nthenda ya chitsulo chosasakanizidwa bwino, ndipo ilibe mankhwala.

Dzuwa la kuno ndi laukali, tili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo limafwifwitsa penti ndi kuumitsa mateyala. Pawindo ayi. Fumbi la mphepo ya mu Ogasiti muzichotsa ndi kaburashi kofewa kouma, osati madzi a sopo.

Inu muli ndi mwayi, James Hall Museum of Transport ili pa Rosettenville Road, pafupi ndi kwanuko. Mukapeza tsiku la ofu, kaoneni magalimoto akale enieni, diso lizolowere.

Za mayi a kunyumba, sakulakwa. Ana a ku Ntcheu akuyembekezera kanthu kochokera ku Joni, ndipo bambo wosunga zidole ana ake akuseweretsa zitini amachititsa manyazi. Lowani musitolo mugule ma Hot Wheels asanu, tigalimoto tija anatipangira ana kuti aziseweretsa, muwaike m'katundu wa transipota pamodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira. Tigalimoto takaleto ndiye mwachita kuwasungira. Mukatha kuwerenga kumimba kwa tonse 14, mundilemberenso, makamaka ngati pali bokosi la Chiafrikaans.