Masamba 400 atha, koma nkhani yathera m'malere

FUNSO: Akonzi, achemwali anga a ku Johannesburg adanditumizira buku lachingerezi la nkhani ya matsenga lomwe likutamandidwa kwambiri pa TikTok. Lili ndi masamba oposa 400. Mtsikana wa zaka 16 akuzindikira kuti ali ndi mphamvu zachilendo, ndipo pofika pakati wayamba kale kugonjetsa asilikali a mfumu popanda womuphunzitsa. Kenaka nkhondo ija yaiwalika, mitu yambiri yangosanduka ya iye ndi mnyamata wa mbali ya adani, kudana m'mawa, kukondana madzulo. Tsamba lomaliza silikumaliza chilichonse. Ndili ndi zaka 27. Kodi ndakula ndine, kapena bukuli ndi lopepera? — Wowerenga, Zomba

YANKHO: Zaka zanu zilibe mlandu. Mabuku amene amalembedwa kuti YA kapena Young Adult amalunjika kwa ana a zaka 12 mpaka 18, koma kafukufuku wa kampani ya Bowker wa mu 2012 adapeza kuti mwa ogula 100 aliwonse a mabuku otere ku America, 55 anali a zaka 18 kapena kuposa. Choncho anzanu alipo ambiri. Pa madandaulo anuwa, limodzi lokha ndilo mlandu weniweni wa mlembi: la mtsikana wopambana nkhondo asanaphunzire.

Nkhani ya matsenga imayenda ndi malamulo. Wowerenga ayenera kudziwa chimene mphamvuyo ingathe, chimene singathe, komanso mtengo umene mwini wake amalipira akaigwiritsa ntchito. Ife sitikusowa wotiphunzitsa zimenezi: aliyense amene adamvapo nkhani za kukhwima amadziwa kuti mankhwala amabwera ndi chizimba ndi zoletsa zake, ndipo kukoma kwa nkhani kumagona pa tsiku limene munthuyo adzaphwanye choletsacho. Mlembi wa ku America Brandon Sanderson adalemba mu 2007 kuti mlembi angathetse vuto pogwiritsa ntchito matsenga molingana ndi mmene wowerenga akuwamvetsera matsengawo. Ngati pa tsamba 60 tauzidwa kuti mtsikanayu akaitana moto amakomoka, ndiye pa tsamba 300 akazunguliridwa ndi adani mtima wathu umadumpha, chifukwa tikudziwa kuti akaitana motowo agwa pansi pakati pawo. Koma ngati mphamvu yatsopano imangotulukira nthawi iliyonse imene mlembi wapanikizika, chothetsa nzeru chimafa. Mukafika pampondachimera mumakhala mutadziwa kale kuti sapsa.

Chitsanzo cha ntchito yogwiridwa bwino ndi A Wizard of Earthsea la Ursula K. Le Guin, lomwe lidatuluka mu 1968 ndipo lidalembedwera achinyamata omwewa. Ged, mpangankhani wamkulu m'bukuli, akupulumutsa mudzi wake ndi nkhungu ya matsenga ali mwana, koma pambuyo pake akungoti kakasi, osalankhula, mpaka katswiri wina atabwera kudzamuchiritsa. Ku sukulu ya matsenga akufuna kudzionetsera kwa mnzake, akuitana mzimu wa wakufa, ndipo akutulutsa chithunzithunzi chimene chikumusiyira zipsera kumaso. Mbali yonse yotsala ya bukulo akulipira kudzikuza kwa usiku umodzi umenewo. Zonsezi zikukwana m'masamba 200 okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo nkhani ikutha ndithu.

Za chikondi tisatayepo nthawi. Kuchokera mu 2020 owerenga a pa TikTok, pa gawo lotchedwa BookTok, akhala akukweza malonda a mabuku osakaniza matsenga ndi chibwenzi, moti pano ali ndi dzina lawo, romantasy. Adani osanduka okondana ndi katundu amene ogula ambiri akufuna, ndipo makampani osindikiza amawapatsa. Bukulo mwina lidakwaniritsa zomwe lidalonjeza, kungoti silidalonjeze inu. Kulephera kumakhalapo pokhapo pamene awiriwa akondana popanda chochitika chilichonse chosintha maganizo awo, chabe chifukwa mnyamatayo ndi wooneka bwino.

Kuthera m'malere nako n'kwadala. Mabuku ambiri a mtundu uwu amagulidwa ndi kampani ngati mndandanda wa awiri kapena atatu, ndipo loyamba limasiyidwa lotsegula kuti mudzagule lachiwiri. Vuto lake ndi kudikira. Mndandanda wa Tomi Adeyemi wa Legacy of Orïsha udayamba mu 2018, lachiwiri lidatuluka mu 2019, koma lachitatu lidafika mu 2024. Komabe ngakhale buku loyamba la mndandanda liyenera kuyankha funso limodzi lalikulu limene lidadzutsa m'mitu yoyambirira. Likasiya zonse, mwagulitsidwa gawo limodzi la nkhani pa mtengo wa buku lathunthu, ndipo kukwiya kwanu n'komveka.

Nkhani yabwino ndi yoti zambiri mwa izi zimaoneka musanatulutse ndalama. Yambani ndi chikuto, msana wa buku ndi masamba oyambirira. Mawu akuti Book One, trilogy kapena duology akutanthauza kuti nkhani ipitirira. Funsani ngati otsatirawo adatuluka kale. Ngati mukufuna yothera pomwepo, fufuzani lomwe likufotokozedwa kuti standalone. Kenaka werengani mawu a kuseri kwa chikuto n'kuona kuti ndi ziganizo zingati zikukamba za mnyamatayo. Zikafika theka, dziwani kuti nkhondo ndi ndiwo chabe.

Pa Amazon mungathe kutsitsa ulere gawo loyamba la buku la Kindle (buku lowerengera pa foni kapena kompyuta), pafupifupi 10 pa 100 ya bukulo, ndipo pulogalamu yake imagwira pa foni. Pa buku la masamba 400 ndiwo masamba ngati 40, okwanira kuyesera. Poliwerenga dzifunseni ngati mpangankhani wamkulu akufuna chinthu chodziwika bwino, ngati mwauzidwa chimodzi chimene matsenga sangathe, ndiponso ngati walakwitsa kanthu payekha kamene kamupweteka. Ngati buku lili m'manja, litsegulenso cha pakati, muwerenge masamba awiri. Kuyamba bwino n'kosavuta, mlembi ndi mkonzi wake amakhala atapukuta mitu yoyambayo kangapo. Ulesi umabisala m'kati.

Pa Goodreads, webusaiti imene owerenga amalembapo ndemanga za mabuku, musadalire ndemanga za nyenyezi zisanu kapena imodzi, chifukwa zambiri zimalembedwa mtima uli m'mwamba. Za nyenyezi zitatu ndizo zimatchula bwino chomwe chidayenda ndi chomwe chidakanika. Anthu angapo akadandaula chinthu chimodzi, monga kuti pakati pa buku palibe chikuchitika, akhulupirireni.

Mukaliyamba n'kuona kuti silikukoka, Nancy Pearl, yemwe adagwira ntchito ku laibulale ya ku Seattle, ali ndi lamulo lothandiza: wa zaka 50 kapena kucheperapo alipatse buku masamba 50 asanalisiye, wopitirira apo achotse zaka zake pa 100, zotsalazo ndiwo masamba ake. Kwa inu ndi masamba 50. Achemwali anuwo akadzafunanso kutumiza, atumizireni mayina a mabuku atatu amene mwawayesa kale pa foni, iwo asankhepo limene alipeza m'sitolo.